Mbuzi ya a Tcheya

Utcheya wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi sindinaufune ine. Anandisankha tsiku lomwe ndinangopita kukaimirira mayi akunyumba, iwo ali kuchigayo. Chomwe chinandipachika ndi jekete. Ndinaigula pakaunjika pa Kamwendo nditagulitsa soya, yakuda, ya mabatani atatu, ndipo munthu ukaivala ngakhale mawu opanda mutu amamveka ngati a ku Nyumba ya Malamulo. Kuyambira tsikulo mudzi wonse unkanditchula kuti a Tcheya, ndipo ndisaname, dzinalo linkandikoma.

Kumapeto kwa July ahedi ananditumizira kakalata. Lachisanu tikutsekera chaka, makolo onse abwere, ndipo inu a Tcheya mudzawakumbutse za khalidwe la ana ndi za patchuthi.

Usiku wa Lachinayi ndinakhala pakhonde ndi tochi yapafoni kuti ndilembe mfundo. Pepala silinavute. Cha mu May ndinapeza pawindo buku lina lopanda chikuto, Chingerezi chokhachokha. Ine ndine wa gulu lija linakhamukira kusukulu mu 1994 a Muluzi atathetsa fizi, ndipo ndinatulukamo ndili Sitandade 4, Chingerezi chisanandizolowere. Ndiye bukulo ndinangoliyesa lakalekale, lotha ntchito. Koma pepala lake abale! Lopyapyala, lomvera chala, ukapichirira chingambwe limayaka pang'onopang'ono osazima. June yense, ndikulondera mtedza kumunda m'chisanu cha ku Mchinji kuno, bukulo ndilo linkandifunditsa. Usiku umenewo ndinathothola tsamba lomwe kumbuyo kwake kunali malo oyera, kachidutswa kapamwamba nkupichira kaye ndudu yoganizira, kotsalako nkulembapo mfundo zanga.

M'mawa ndinafika rimu yopachika mumtengo ija isanalire kachiwiri. Ana anali mbwee pafumbi, milomo itauma ndi mphepo, makolo pamabenchi, amfumu pampando wa muofesi ya ahedi. A Sitandade 8 okha ndiwo kunalibe, poti mayeso awo a MANEB anali atalemba kale. Aphunzitsi anayamba kuwerenga zotsatira kalasi ndi kalasi. Akatchula nambala wani, nthungululu, mayi wake nkudzuka akuvina, chitenje chikukwekwereka, kukafupa mwana. Akafika poti "otsatirawa tidzaonananso m'kalasi momwemu," pabwalo pankangoti zii, makolo ena nkuyamba kuyang'ana mitambo ngati mvula igwa mu July. Mwana wanga wachisamba, wa Sitandade 5, anakhoza mokwawa. Ndinamuponyera diso loti tikaonana kunyumba.

Kenaka ahedi anati, "Tsopano timve kwa a Tcheya."

Ndinaimirira, nkumanga mabatani onse atatu. Ndinayamba ndi kuchedwa. Mwana amafika phala litatha, ndinatero, chifukwa kholo lamutuma kaye kudimba. Ndinapita ku vidiyo: kamwana ka Sitandade 3 kakudziwa mayina a ochita karate onse koma thebulo ya 7 kakuiona ngati mfiti. Anthu anaseka, ine mtima nkukhala m'malo. Ndinakamba za tchuthi, kuti ana asakalowerere pa ganyu ya fodya mpaka kuiwala kuti September sukulu itsegulira, kuti atsikana tikufuna abwerere onse, pasapezeke wina wapatsidwa banja, ndiponso kuti moto wosakira mbewa usayandikire nkhalango ya sukulu. Amayi a Mother Group anaomba m'manja. Gogo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Lankhulani a Tcheya!"

Pamenepo mpomwe ndikanakhala pansi. Koma m'manja mukakuombera, lilime limatalika.

"Nkhani yomaliza ndi mabuku," ndinatero, ndikugwedeza pepala langa m'mwamba. "Buku limodzi ana amagwirizira angapo, boma silitumiza chaka chilichonse, koma pali makolo ena opanda chisoni. Akulungira zitumbuwa! Akulungira usipa! Ine ndikuti kholo lomwe mwana wake wataya kapena kuononga buku la sukulu lilipe nkhuku!"

"Nkhuku yachepa!" anatero bambo wina, yemwe mpaka lero ndikamuona ndimakhotera njira ina.

"Yachepadi!" ndinavomera ine mwini, ndi pakamwa pangapa. "Mbuzi!"

Bwalo lonse linaphulika. Amfumu anagogoda ndodo pansi katatu nkunena kuti mawu a a Tcheya asanduka lamulo kuyambira lero lomwe. Ndinakhala pansi ndikudzimva kulemera.

Apo anaimirira madamu a Sitandade 5, kope lili m'manja. Anati poti lamulo lakhazikika, ali ndi mayina atatu a ana omwe sanabweze mabuku. Woyamba anathamangira m'kalasi nkubwera nalo, linali pansi pa desiki. Wachiwiri mayi wake analitulutsa m'chikwama. Dzina lachitatu nditalimva ndinayesa kuti pali mwana wina wofanana dzina ndi wanga. Koma amene anaimirira, kabudula wong'ambika pathumba yemwe ndimamudziwa bwino, anali wanga.

"Buku lili kuti?" anafunsa madamu.

Mwanayo sanayankhe. Anangondiyang'ana.

Ine, pofuna kuonetsa kuti lamulo silisankha nkhope, ndinadzuka. "Iwe! Ukuyang'ana ine ndine buku? Nena zoona pamaso pa anthu onsewa, usaope munthu!"

"Ndinene, ababa?"

"Nena!"

"Mwakhala mukusuta ndinu."

Kunangoti zii, moti mbuzi yomwe inkalira kutsidya kwa bwalo la mpira inamveka bwinobwino, ngati ikudziwa kuti nkhaniyi ikukhudza mtundu wake. Madamu aja anayenda pang'onopang'ono kufika pomwe ndinaima, nagwada mwaulemu wonse.

"A Tcheya, tatembenuzani pepala lanulo."

Ndinatembenuza. Pakona panali chidindo cha sukulu, chabuluu, chooneka ngakhale kwa gogo uja wakumbuyo. Pakati panali mapu a Malawi. Koma Malawi wake ankayambira pa Kasungu kutsika mmunsi. Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Likoma ndi Mzimba ndinali nditasuta dzulo lake pakhonde.

Madamu anakweza pepalalo kuti aliyense aone, nati, "N'chifukwa chake mwanayu funso la maboma 28 anangolemba a pakati ndi kummwera."

Izi zinali zabodza, poti mayeso analemba tsambalo likadali lathunthu, koma ndani akanamvera apilo yanga? Ana ankagubuduka pafumbi. Ahedi anabisa nkhope m'kaundula, mapewa okha akugwedezeka. Amfumu anapukuta misozi ndi chipewa, nkufunsa modekha kuti, "Nanga a Tcheya, mbuziyi ibwera lero kapena mawa?"

"Mawa, mfumu," ndinatero, mawu atachepa ngati a mwana wa nesale.

Ndipo pakati pa amayi panamveka mawu omwe ndimawamva tsiku lililonse. "Mbuzi yake iti?"

Anali mayi akunyumba. Paja ine pamudzipo ndine mkamwini. Ndinabwera ndi njinga ndi wailesi basi. Mbuzi zinayi zili m'kholamo anawapatsa ndi malume awo, ndipo anafotokoza zimenezi pabwalopo momveka bwino, kutchula ndi mtundu wa mbuzi iliyonse, kuopa kuti wina angasokoneze.

Mbuzi ndinakagula pa Kamwendo pomwe paja. Ndalama ya soya inali itatha, ndiye ndinagulitsa wailesi, nkuonjezera jekete. Ndinaikoka ndekha mpaka kusukulu nditavala shati yokha, mphepo ikundilowa m'nthiti, ana akunditsata pambuyo akuimba mayina a maboma akumpoto mwandondomeko, kuyambira Chitipa. Ndinamva wina akudumpha Likoma, ndipo ndinatembenuka nkumukonza.