Zimene ndaphunzira pophunzitsa achinyamata kuyambitsa bizinesi

Teremu yapitayi ndinapatsidwa udindo wophunzitsa kayambitsidwe ka bizinesi kwa achinyamata amene akuphunzira ntchito zamanja, ndipo ndikulemba izi kuti ndisunge zimene ine mwini ndatolapo, chifukwa dongosolo limene ndinalowa nalo m'kalasi ndinalisintha pafupifupi lonse teremu isanathe. Phunziroli si lapambali monga ena amaganizira. Bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA (Technical, Entrepreneurial and Vocational Education and Training Authority), limene linakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi mawu onena za bizinesi m'dzina lake lenilenilo, kusonyeza kuti kalipentala, telala kapena wowotcherera zitsulo amene tikumusula sayenera kungodikira kulembedwa ntchito, koma azitha kusandutsa luso lake kukhala malonda.

Ndinali nditakonza zoti tiyambe ndi ganizo la bizinesi, tipite ku dzina ndi chizindikiro chake, kenako timalize ndi kufotokoza bizinesiyo pamaso pa anthu amene angaikemo ndalama, chimene ambiri amangochitchula kuti pitch. Sabata yoyamba ndinagawa ophunzira m'magulu a anthu asanuasanu ndi kuwapempha kuti abwere ndi ganizo. Chimene gulu lililonse linandionetsa poyamba chinali logo yokongola yopangidwa pa foni, pamodzi ndi dzina la Chingerezi lothera ndi mawu akuti Enterprises kapena Investments. Nditafunsa kuti adzagule katunduyo ndani, yankho linali limodzi m'magulu onse: "Aliyense, aphunzitsi." Sindinawaone olakwa, popeza dzina ndi logo ndi zimene wachinyamata amaziona tsiku lililonse pa Facebook ndi pa WhatsApp, pomwe ntchito imene ili kuseri kwa dzinalo siioneka pa chithunzi.

Ndinaimitsa nkhani ya mayina, n'kuwatumiza kumsika ndi kope kuti gulu lililonse likacheze ndi anthu osachepera khumi lisanagule kanthu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa malonda phulalo limakhala katundu amene wagulidwa ndi ndalama yangongole koma wangokhala pashelefu.

Ndinatsagana ndi gulu limene linkafuna kupanga chiponde, ndipo linali litakonza kale mabotolo awiri aakulu oti lionetse anthu. Tinaima pa okala ya mayi wina wachikulire. Mayiyo anatenga botolo, kulitembenuza, kuyang'anitsitsa mafuta amene anayandama pamwamba, kulitsegula ndi kununkhiza, ndipo atalawa pang'ono anati: "Ana anga, chiponde chanu n'chokoma, koma anthu anga kuno amagula za tsiku lomwelo. Munthu amene amagula mafuta ophikira a m'kachubu ndi shuga wa m'kapepala sangatenge botolo lonseli pakati pa mwezi. Nanga mafuta ayandamawa, akandifunsa ngati sichinawonongeke ndiwauza chiyani?" Mtsikana amene ankalemba anaima kaye, cholembera chili m'manja, n'kufunsa mwaulemu kuti, "Ndiye amayi, tikabweretsa timabotolo ting'onoting'ono mungatiyeseko?" Mayiyo anavomera kuti atenga tochepa, koma adzalipira akagulitsa. M'mphindi zosakwana khumi ophunzirawo anamva za kukula kwa botolo, za mantha a wogula ndiponso za malonda apangongole, zinthu zimene ndikanaziphunzitsa pa bolodi kwa sabata yathunthu osawafika pamtima.

Gawo limene linatidyera nthawi yambiri, ndipo ndikuona kuti linayeneradi kutero, ndi la kuwerengera ndalama. Gulu la chiponde linaika mtengo potengera mtedza ndi botolo basi. Titakhala pansi n'kutsata ulendo wonse wa mtedzawo, panatuluka makala okazingira, ndalama ya kuchigayo, mchere, lebulo, kabaza wopita ndi wobwerera, mtedza wotayidwa posankha, komanso tsiku lathunthu la anthu asanu limene sanaliwerengere n'komwe. Chimene ankachitcha phindu chinatsala pang'ono kutheratu. Ndinawakumbutsa kuti mu November 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu zodalira ndalama zakunja inakwera posakhalitsa, kotero kuti mtengo umene munthu anauwerengera mwezi watha ayenera kuuwerengeranso nthawi iliyonse akapita kukaoda. Mtedza nawo umatsika mtengo nthawi yokolola n'kukwera mvula ikamayandikira, ndipo wopanga chiponde amene saganizira zimenezi amadabwa kuti bizinesi imene inkayenda bwino mu June yayamba kumudya mu December. Tinakambirananso za kusiyanitsa mpamba ndi phindu, ndi ubwino wokhala ndi nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ya bizinesi yokha, chifukwa geni yambiri imafa pamene ndalama ya katundu yasakanikirana ndi ya ndiwo.

Titabwerera ku nkhani ya dzina, tinayamba ndi mayina amene ophunzira anakula nawo. Tsabola wa Nali amadziwika ndi mawu akuti "Abale samalani" pa botolo lake, mawu awiri a Chichewa amene amachenjeza komanso kukopa nthawi imodzi. Sobo ndi chidule cha Southern Bottlers, koma dzinali linazika mizu mpaka anthu amalitchula pa chakumwa chilichonse chosungunula ndi madzi. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga umagulitsidwa ndi fungo lake, ndipo wogula akaupeza wosakanizidwa ndi mpunga wina sabwereranso kwa wogulitsayo. Ndinafuna kuti aone okha kuti mayinawa ali ndi mphamvu chifukwa wogula amapeza chomwecho chimene anachipeza ulendo wapita.

Mfundo imeneyi inafika poyesedwa tsiku losankha mtedza. Atsikana awiri anali ndi malichero pamiyendo akuchotsa mtedza wofota, wosweka ndi wakuda, ndipo mnyamata wina ataona mulu wotayidwawo ukukula anadandaula kuti akutaya ndalama, popeza ukagayidwa palibe amene angadziwe. Ndinafotokoza za chuku, chimene chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa yense. Chuku chimakonda mtedza wosauma bwino, ndi umene anthu amauwaza madzi kuti usavute kuswa, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene mtedza wathu umavutikira kulowa m'misika ya ku Ulaya. Chiponde amadya kwambiri ndi ana, m'phala ndi pa buledi. Amene akufuna kuti katundu wake adzafike m'masitolo akuluakulu ayeneranso kudutsa ku Malawi Bureau of Standards, kumene amayeza zomwe zili m'botolo. Mnyamatayo sanayankhe, koma anatenga lichero lachitatu. Dzina limene gululo linasankha pambuyo pake linali la Chichewa, lalifupi, ndipo pa lebulo anaikapo tsiku lopangira ndi mawu ofotokoza kuti mafuta oyandama ndi a mtedza womwewo, munthu angotakasa, limene linali yankho la funso la mayi wa pa okala uja.

Pa pitch ndinakumana ndi vuto limene sindinaliyembekezere. Ana athu analeredwa kuti asadzitame pamaso pa akuluakulu, choncho pa mphindi zitatu zimene ndinawapatsa, imodzi yathunthu inkathera m'malonje ndi kuthokoza, maso ali pansi, ndipo pofika potchula ndalama imene akufuna mawu ankazilala. Sindinafune kuwachotsera ulemu, chifukwa ndi chuma chawo pa malonda, koma tinagwirizana kuti moni akhale wa chiganizo chimodzi, kenako anene vuto la wogula, chimene apanga, anthu amene agula kale, ndalama imene akupempha ndi chimene ikagwire. Ndinawauza za mipata imene ilipo, monga mHub, malo othandiza achinyamata pa luso la makompyuta ndi bizinesi, imene Rachel Sibande anayambitsa ku Lilongwe mu 2013, ndi pulogalamu ya Tony Elumelu Foundation ya ku Nigeria imene inayamba mu 2015 ndipo imapereka mpamba wa madola 5,000 kwa amene asankhidwa. Komabe ambiri mwa ophunzira anga adzayamba kupempha mpamba kwa amalume awo, ku banki m'khonde kapena ku bungwe la boma lopereka ngongole za bizinesi, ndipo kumeneko funso limakhala lakuti ndalamayo ibwerera liti komanso ichokera kuti. Pa chifukwa chimenechi ndinalola kuti aliyense ayambe wafotokoza m'Chichewa, ndipo ndinaona kuti amene ankaloweza ziganizo za Chingerezi n'kusokonezeka akafunsidwa funso limodzi, m'Chichewa ankayankha momasuka, manambala ali pamutu.

Tsiku lomaliza ndinaitana anthu atatu ochita malonda m'dera lathu kuti adzamvetsere. Mtsikana wolemba uja anaimirira ndi kabotolo kakang'ono m'manja, n'kunena kuti anasiya timabotolo khumi ndi tiwiri pa okala ziwiri, tisanu ndi tinayi tagulidwa, ndipo akupempha ndalama yogulira thumba limodzi la mtedza nthawi yokolola mtengo usanakwere. Mmodzi mwa alendowo anamufunsa kuti adzausunga pati kuti usachite chuku, ndipo mtsikanayo anayankha kuti adzausunga wosaswa, pa thandala, m'chipinda chopita mphepo.

Teremu ikubwerayi ulendo wa kumsika udzakhala sabata yoyamba, kuwerengera ndalama kudzatenga masabata atatu m'malo mwa imodzi, ndipo palibe gulu limene lidzaloledwe kupanga logo lisanagulitse kanthu kwa munthu amene si mbale wawo. Ndapemphanso mayi wa pa okala uja kuti adzakhale mmodzi mwa omvetsera tsiku la pitch, ndipo avomera, bola lisadzakhale tsiku la msika.