Linthumbu la ku Ruo ndi buluku langa la kutchalitchi

Inde, buluku ndinavula. Zimenezo sindikukana, mboni zilipo zisanu ndi ziwiri, kuphatikizapo mayi ake a mwana amene ndimamuphunzitsa masamu. Zimene ndikukana ndi izi mwakometsera nokha pabawo: zoti ndinali mbulanda, zoti ndinathamanga mpaka m'minda ya tiyi ndikuitana malemu amayi, ndi zoti mizimu ya m'phiri inandigwira. Kabudula wamkati ndinali naye. Amayi ndinawaitana kamodzi kokha, komanso motsitsa mawu.

Woyambitsa zonsezi ndi mlamu wanga, mlongo wawo wa mayi akunyumba, uja amaperekeza alendo m'phiri la Mulanje. Zaka zonsezi ndinkamuseka. Munthu wamkulu, ndevu pepeya, kuima m'tchire kuyang'anitsitsa mbalame, legeni alibe, ulimbo alibe, kenako n'kubwerera kunyumba chimanjamanja koma akumwetulira. Ife tinakula tikudziwa mitundu iwiri ya mbalame basi: yodyera nsima ndi kadzidzi. Ndiye tsiku lina anandibwereka bainokula yake, ndinaloza pumbwa amene amandithera mapapaya kuseri kwa nyumba, ndipo ndinaona kuti wakubayo ali ndi kachikasu pansi pa mchira. Zaka makumi anayi ndikumugenda, kachikasuko osakadziwa. Matenda anandilowera pamenepo. Ndinagula kope la masamba 40 n'kuyamba kulemba mbalame iliyonse imene ndaiona. M'Malawi muno muli mitundu pafupifupi 650. Ine pofika tsiku la tsokalo ndinali ndi 38, ndipo mlamu anali atandifufutira kale ziwiri, akuti nkhanga ya m'khola la aneba siiwerengedwa.

Imene tinkafuna Loweruka limenelo ndi ina imene mabuku amaitcha Thyolo alethe. Mabuku akale amalemba Cholo, mmene atsamunda ankatchulira boma la anzathu oyandikana nawowa, ndipo inalowa m'mabuku a sayansi mu 1927. Kambalame kake si kochititsa kaso koti mungakajambule pachitenje. Msana wofiirira, pachifuwa potuwa, pakhosi poyera kuti mbee ngati kavala kolala ya abusa, ndi timadontho toyera kunsonga kwa mchira. Koma dziko lonse lapansili kamapezeka m'nkhalango zochepa za m'mapiri a kum'mwera kwa Malawi ndi m'mapiri angapo a ku Mozambique, monga Namuli, Mabu ndi Chiperone. Nkhalango ya m'phiri la Thyolo, imene inakapatsa dzina, inatha ndi nkhwangwa ndi makasu, kunangotsala tizigawo. Ndiye chifukwa chake anthu amawoloka nyanja kubwera kuno kwathu, kuchigwa cha mtsinje wa Ruo, kudzakafuna. Ine ndimakhala pamtunda woti kabaza amandifikitsa ndisanamalize kudya chinangwa chootcha, koma ndinali ndisanakaonepo. Zinkandiwawa.

Alendo a tsikulo anali agogo awiri, mwamuna ndi mkazi wake, ochokera ku Britain. Agogo aamuna ananyamula kamera ya chimphuno chachitali ngati munsi. Agogo aakazi anali ndi kabuku kothaitha kamene, malinga ndi mlamu, kali ndi mbalame masauzande, ndipo aka kanali ulendo wawo wachiwiri kudzafuna kambalame komweka. Ine ndinapita ngati wothandiza kunyamula madzi. Koma poti kunali azungu, ndinavala buluku langa la kutchalitchi, lakuda, losita mpaka mzere wake ungathe kudula tomato.

Tisanalowe m'nkhalango mlamu anatiimitsa n'kufotokoza. Kambalameka, akuti, sikasakidwa ndi maso kumwamba, kamasakidwa pansi. Kamatsata linthumbu. Linthumbu likamayenda m'masamba ouma, tizilombo tonse timabalalika kuthawa, mphemvu, akangaude, nkhululu, ndiye iko kamangokhala pakanthambi kapafupi n'kumatola zothawazo ngati munthu wopeza mwayi pamaliro. Mukapeza linthumbu, mwapeza mbalame. Atatero anati aliyense alowetse miyendo ya buluku m'sokosi.

Agogo aja analowetsa. Mlamu analowetsa. Ine ndinati, "Alamu, ine ndinabadwira konkuno, linthumbu limandidziwa."

Pano ndinene chilungamo poti chinsinsi chinaululika kale. Sikunali kudzitama ayi. Sokosi zanga zinali zosiyana, ina yabuluu, ina yotuwa yokhala ndi chibowo choti nkhuku ingaikiremo dzira. Mphunzitsi wathunthu kuonetsa zimenezo pamaso pa alendo a dziko lina? Ndinateteza mbiri ya Malawi. Palibe amene wandithokoza mpaka lero.

Tinayenda maola awiri. Nkhulukulu inadutsa pamwamba ndi mapiko ake ofiira, agogo aamuna osaiyang'ana n'komwe, akuti anaiona kale. Kenako mlamu anakweza dzanja. Patsogolo pathu pansi panali pakuyenda. Sindikunena mzere umodzi uja mumaulumpha panjira popita kumunda ayi, ili linali litamwazikana ngati mkeka wakuda, masamba akuchita phokoso la mvula yowaza. Mlamu anatigawa malo ngati kochi wa mpira. Agogo awiriwo anawaika pamwala. Ine anandilozera patsinde la mtengo wina, n'kunena kuti ndiime pomwepo. Ndinaona kuti pamene anandilozerapo sindiona bwino, ndiye ndinasuntha mapazi atatu kumanzere. Atatu okha. Anthu amasuntha malire a munda ndi mapazi khumi osaona chilango chimene ndinaona ine.

Patapita kanthawi ndinaona nkhope za anthu onse atatu zatembenukira kwa ine. Chimphuno cha kamera chinadzuka pang'onopang'ono mpaka kundiloza pamphumi. Agogo aakazi agwira pakamwa, maso ali tong'o. Mumtima ndinati, tsopano buluku lija laonedwa. Mlamu ndiye ananong'ona mawu amene ndidzapita nawo kumanda.

"Alamu. Musagwedezeke. Kali paphewa lanu, kumbuyo. Musacheuke."

Kambalame kamene anthu akwerera ndege kawiri kanali pakanthambi, mkono umodzi kuchokera pakhutu langa lamanja. Ndinkakamva kakusuntha mapiko. Ndipo nthawi yomweyo ndinamva kanthu kena kakusuntha pabondo langa lamanzere, mkati.

Inu amene simunakwerepo ndi linthumbu, mvetsetsani. Nyerere wamba imaluma pamene yafikira, ilibe pulani. Linthumbu lili ndi utsogoleri. Limakwera mwakachetechete, mwaulemu, ngati anthu ochedwa kulowa m'tchalitchi ulaliki uli mkati. Lina linadutsa pakatumba. Lina linakhota kuseri kwa bondo. Ndinkalimva likugawana madera, awa kumpoto, awa pakati, awa kum'mwera, ndipo gulu lina lalikulu, la anyamata odzipereka, linalunjika kulikulu la dziko. Palibe ngakhale imodzi imene inali italuma. Zinkadikira wapampando.

"Musapume mwamphamvu, alamu," anatero mlamu.

Kamera ili tcha, tcha, tcha. Agogo aakazi misozi ili mbwembwembwe, akulemba m'kabuku kawo osayang'ana pepala. Ine ndaima njo ngati chipilala, thukuta likuyenderera kumsana, ndikumwetulira kumwetulira kwa munthu amene akujambulitsa chiphaso. Ndinayamba kuwerenga chamumtima. Ndinanena matebulo a 7 mpaka kumapeto. Ndinayamba a 13, amene ngakhale ana anga sindiwafunsa. Ndinaganiza za Sapitwa, mamita 3,002, ndi kuzizira kwa kumeneko, kuti mwina thupi likhulupirire kuti lili kwina. Ndinalapa machimo a chaka chino ndi ena a chaka chatha amene ndinali nditawasunga. Ndinalonjeza kubweza ngongole ya kubanki m'khonde. Imodzi ya mitu ikuluikulu ija, asilikali aja a mano ngati pulayala, inafika palamba, inaona kuti njira yatsekedwa, inabwerera kukauza anzake kuti msonkhano uchitikira pansi pomwepo.

Mlamu akuti zonsezi zinatenga masekondi 40. Mlamu ndi wabodza. Ine ndinalipo. Ndinaona dzuwa likusuntha.

Kenako wapampando analamula.

Zimene zinatsatira ena akuti tchopa, ena akuti beni, koma mayi wina amene anaona akuti gule wotero sanamuonepo ngakhale ku Chonde pa chikondwerero cha Mulhako. Ndinadumpha m'mwamba miyendo yonse iwiri. Bainokula ya mlamu inazungulira pakhosi n'kundimenya pamsana. Botolo la madzi linapita kwake. Nsapato imodzi inauluka kulowera ku Mozambique, poti Ruo yemweyo kumunsi kwake ndiye malire. Lamba ndinamumasula ndi liwiro limene sindinalidziwe kuti ndili nalo, buluku linatsika, koma linakodwa pansapato yotsalayo, ndiye ndinayamba kudumpha ndi mwendo umodzi ndikudzimenya mbama m'ntchafu, phwa, phwa, ngati ndikudziombera m'manja ndekha. Apa ndi pamene ndinaitana amayi. Ndipo linthumbu silichoka ndi kukutumula. Ukalikoka thupi limaduka, mutu n'kutsala chilumire, ndiye umayenera kuzula umodziumodzi ngati ukuzula minga ya chisoso pabulangete.

Ndili mkati mozula choncho, nditawerama, nsana kunjira, ndinamva kumbuyo kwanga mitolo ya nkhuni ikugwa pansi. Amayi anayi. Anaima. Ine ndinaima. Tinayang'anana. Ndiye mmodzi, amene ndimakhala naye mu komiti ya makolo ndi aphunzitsi, anagwada pang'ono monga mwa ulemu wake wa masiku onse, maso atayang'ana kumbali, n'kunena kuti:

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?"

Ndinayankha. Mukanatani inu? Ndinati ndadzuka bwino, kaya iwo, kaya ana kunyumba. Ndinafunsanso ngati mnyamata wawo wamaliza ntchito imene ndinawapatsa Lachisanu. Buluku lili m'manja, sokosi yabuluu ndi yotuwa zonse zili poyera, chibowo chija chikuyang'ana dziko. Chinthu chimene ndinavutikira kubisa chinaoneka ndithu, pamodzi ndi zina zambiri zimene sizinali pamndandanda.

Mmodzi mwa amayiwo ndi amene anayambitsa za mizimu. Akuti m'phiri muja munthu ukapeza chakudya chokonzakonza umadya wekha osaitana mnzako, ndiye aphunzitsi ayenera kuti anaitana azungu. Pofika madzulo nkhani inali itafika pa Limbuli, ndipo m'nkhani ya pa Limbuliyo ndinali nditakwera mumtengo.

Tsono tamverani mbali imene pabawo simuinena. Ndinapirira. Munthu wina aliyense akanakuwa pa nyerere yoyamba, kambalame kakanathawa, agogo aja akanabwerera kwawo kachiwiri chimanjamanja, mwina osadzabweranso, poti msinkhu wawo si wolonjeza za chaka chamawa. Ine ndinapereka thupi langa chifukwa cha ntchito zokopa alendo. Agogo aamuna anandigwira chanza kawiri, nditavala. Agogo aakazi anandipatsa kamafuta kodzola m'kachubu ndi bisiketi. Mlamu anapatsidwa ya fanta yonenepa, imene sanandigawireko ngakhale ya sopo, chonsecho nyambo ndinali ine. Akuti samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Ndinamuuza kuti mwambiwo ndi wa nkhwangwa, asaukokere ku zinthu zina.

Chondipweteka kwambiri si mabala, ngakhale ndinaphunzitsa choimirira sabata yonse ndipo ana a Fomu 2 ankafunsana chifukwa chake sindikhala pampando. Chondipweteka ndi ichi: kambalameko sindinakaone. Anthu atatu anakaona kwa masekondi 40, kapena maola awiri mwa kuwerenga kwanga. Ine ndinkayang'ana iwo. Pamene ndinkacheuka, ndili m'malere, ndinangoona kanthambi kakugwedera.

Patatha milungu itatu agogo aja anatumiza chithunzi pa WhatsApp ya mlamu. Chokongola zedi. Kambalame kali bwinobwino, kolala yake yoyera, diso lakuda lowala, kachilombo kali kukamwa. Kumanzere kwa chithunzicho kuli chinthu china chachikulu, chabulauni, chosaoneka bwino, chimene poyamba ndinkayesa bowa wa pamtengo. Ndi khutu langa.

Ndinatenga kope langa kuti ndilembe nambala 39. Mlamu anandilanda cholembera. Akuti lamulo lake ndi loti uione ndi maso ako, yamoyo, kutchire. Ndinati khutu langa linaiona, umboni ndi uwu. Anati khutu likhale ndi kope lakelake. Takangana mpaka mayi akunyumba anatithamangitsa pakhonde, ndipo pano ndinalemba ndi pensulo, 38 ndi theka.

Mwezi wamawa akuti tipite ku Zomba kukafuna ina, yellow-throated apalis, ya pakhosi pachikasu, imene dziko lonse lapansi imapezeka m'Malawi mokha muno, m'mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa. Ndinafunsa funso limodzi lokha, ndipo wanditsimikizira kuti imeneyo imadyera m'masamba a m'mitengo, siyendera limodzi ndi aliyense wapansi. Mayi akunyumba andigulira sokosi kukaunjika, mapeya atatu, zazitali zofika m'mawondo ngati za osewera mpira. Nsapato ija sinapezeke. Amene mumapita ku Milanje kukagula chimanga, mukaona wina wavala yakumanzere yokha, yakuda, saizi 8, mundiuze.