Lipoti la ulendo wathu wa ku China, kwa anzanga a m'gulu

Abale mwakhala mukundifunsa kuti nanga lipoti lija lili kuti, pepani ndachedwa nalo, ndi ili tsopano. Tinanyamuka anthu 14 pa KIA mwezi wa Malichi, kudzera ku Addis Ababa kenako usiku wonse tili m'mwamba mpaka Beijing. Tikiti, hotelo, chakudya ngakhale kandalama ka m'thumba, zonse linalipira boma la China. Tinakhalako masabata awiri ndipo mu seminala ya zaulimi yomwe tinapitira munalinso anzathu a ku Zambia, Tanzania ndi Ethiopia.

Kulandira alendo anthu aja amatha, izi ndinene poyera. Anatipatsa mtsikana wa pa yunivesite woti azitiperekeza, tsiku lina mayi wina wa m'gulu lathu anatsegula m'mimba usiku, mwanayo anapita nawo kuchipatala n'kuchezera pa benchi mpaka kunja kucha osadandaula olo pang'ono, m'mawa n'kuwabweretsera madzi otentha mu fulasiki chifukwa kumeneko madzi amamwa otentha basi. Tebulo lodyera n'lozungulira, mbale zimabwera kwa iwe ukapotokola galasi la pamwamba. Achikulire ena atasowa nsima mpaka nkhope kugwa, ophika anawakonzera phala la chimanga tsiku lotsatira. Facebook ndi WhatsApp sizigwira kumeneko n'chifukwa chake tinali zii, tinkagwiritsa WeChat, ndipo ndi foni yomweyo amalipirira chilichonse. Ndinaona agogo akugulitsa mbatata yootcha pamsewu, kakhodi kawo atamata pa mgolo wootchera, palibe wotulutsa ndalama ya pepala.

Sitima ya Beijing kupita ku Shanghai, makilomita opitirira 1,300, tinayenda maola anayi ndi theka, sikilini ikuonetsa 350 pa ola. Ndi nthawi yomwe basi imadya kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre.

Koma chomwe ndikufuna mumvetsetse ndi za m'kalasi. Ife tinapitira za ulimi, koma tsiku loyamba lonse za ulimi sizinatchulidwe. Pulofesa anayamba ndi mbiri ya dziko lawo kenako nkhani ya Taiwan, kuti China ndi imodzi ndipo aliyense wofuna ubale ndi iwo ayambe wavomera zimenezo. Anaonetsa zithunzi za njanji ya TAZARA, makilomita 1,860 kuchoka ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, yomwe anamanga kuyambira 1970 mpaka 1975 iwowo akadali osauka. A ku Zambia ndi Tanzania mitu gwede gwede. Ife tinangoti phee pakuti nthawi imeneyo Kamuzu anali mbali ya Taiwan, ubale womwe unayamba 1966 mpaka Bingu anadzautembenuza kumapeto kwa 2007. Bambo wina wa ku Mzuzu anandinong'oneza kuti "koma chipatala chachikulu cha kwathu anatimangira ndi a Taiwan omwewo", zoonadi, ndipo pa zithunzi zonse zija chimenecho panalibe.

Atafika pa Malawi anaonetsa nyumba ya malamulo ya ku Lilongwe, msewu wa Karonga-Chitipa, yunivesite ya MUST ku Thyolo, malo ochitirako misonkhano a BICC ndi Bingu Stadium. Ndinakweza dzanja kufunsa kuti pa zonsezi mphatso ndi ziti ngongole ndi ziti, chifukwa pa sikilini zinangobwera pamodzi ngati zonse n'zaulere. Anayankha bwinobwino osakwiya, kuti nyumba ya malamulo ndi msewu uja ndi thandizo, koma yunivesite, bwalo la masewero ndi BICC ndi ngongole. Sanabise ayi, kungoti ukapanda kufunsa sakuuza, ndipo ambiri a ife timachita manyazi kufunsa munthu amene wakudyetsa.

Mayi amene anadwala aja ndi amene anaswa nkhani yovuta. Anafunsa za Lu Ke, Mtchaina uja ankajambula ana ku Njewa akunena mawu odzinyoza m'Chitchaina osadziwa tanthauzo lake, nkhani inaphulika 2022 ija. M'chipinda munazizira. Pulofesayo anati n'zochititsa manyazi ndipo ndi zochita za munthu mmodzi. Mayiwo sanalekere pomwepo, anati kwathu kuli Confucius Institute ya pansi pa UNIMA, ana athu akuphunzira chilankhulo chanu mwakhama, nanga abale anu obwera kudzachita bizinesi bwanji osaphunzirako Chichewa kuti tizimvana? Mtsikana wotiperekeza uja madzulo ake anabwera ndi kope kuti timuphunzitse moni. Pobwerera ankatha kunena "mwadzuka bwanji amayi" bwinobwino, ndipo mayiwo misozi inalengeza pa eyapoti.

Chimene chikundiwawa mpaka lero n'chakuti anthu aja akudziwa chomwe akufuna kwa ife. Akufuna mavoti athu ku UN, msika wa katundu wawo, miyala ya pansi, komanso kuti tikabwerera kumudzi tizikawanenera zabwino, ndipo sindikuwaimba mlandu, dziko lililonse limadzisakira. Koma ife tinapita chimanjamanja. Ku msonkhano wa China ndi mayiko a mu Africa (FOCAC) wa Seputembala 2024 analonjeza kuchotsa msonkho wonse pa katundu wochokera kumayiko osauka omwe ali nawo pa ubale, ife tili momwemo, ndipo zinayamba pa 1 Disembala 2024. Anzathu a ku Ethiopia anabwera ndi timapaketi ta khofi, pa chakudya chilichonse akugawa kwa mabwana n'kumatenga manambala. Ku Shanghai bwana wina wa kampani yogula mbewu anandifunsa kuti soya ndi mtedza tingakwanitse matani angati pa chaka, nanga za chuku mu mtedza timayezetsa kuti. Ndinalibe yankho, ndinalibe olo kapaketi kamodzi ka mtedza wa CG7 koti ndimuonetse, khadi ya bwanayo ndili nayo pano mu kachikwama.

Ndiye pa msonkhano wa Loweruka chonde aliyense abwere ndi kope la zokolola za zaka zitatu zapitazi, matumba enieni osati ongoganizira, a komiti ya zamalonda mubwerenso ndi mitengo ya koyezetsa mtedza. Ndikufuna bwana uja ndimulembere pa WeChat mwezi uno usanathe. Zithunzi ndatumiza kale kwa alembi.