Mankhwala a nyengo ya mvula ku Kerala ndamaliza, koma windo lolembetsera lija landikwana

Ndamaliza abale, msana wasiya kulira ndikamadzuka, nde ndati ndilembe mkwiyo usanathe kuti aMalawi anzanga amene muli kuno ku Kerala, ku India, kaya pa sukulu kaya mwaperekeza wodwala, musadzazunguliridwe ngati ine. Amene mwafika kumene dziwani kuti mvula ya kuno imayamba kumayambiriro kwa June ndipo simasewera, zovala siziuma, nsapato zimachita chuku. Kuchokera pakati pa July mpaka pakati pa August ndi mwezi wa Karkidakam, womaliza pa kalendala yawo, ndipo ndi nthawi imene eni dziko amakonza thupi mwa njira ya Ayurveda, mankhwala achikhalidwe a ku India. Ndi njovu zomwe za pa kachisi wa ku Guruvayur zimapumitsidwa nkumapatsidwa chakudya chapadera chakumeneku, nde muone kuti nkhaniyi anthu amaitenga bwanji.

Zikwangwani za masaji zadzadza mmalo a alendo zija zisiyeni. Mukalowa nkuona kuti akukuonetsani mitengo dokotala asanakuoneni, tulukani. Dokotala weniweni wa Ayurveda amakhala ndi digiri ya BAMS, zaka 5 ndi theka pa sukulu, ndipo safulumira kukudzozani mafuta. Ine ndinapita ku chipatala wamba chimene anthu a mderalo amapita, tikiti ya OP, yoonera dokotala osagonekedwa, ndi yotchipa, mzere ndi wautali koma umayenda, pamenepo palibe chovuta.

Chovuta ndi windo lolembetsera chithandizo cha mafuta. Dokotala anandilembera bwinobwino, ndafika pa windo, chechi (kuno ndi mmene amaitanira achemwali) wa pamenepo osandiyang'ana nkomwe akuti Aadhaar, chiphaso cha anthu okhala mu India. Ndati chechi ndine mlendo, nayi pasipoti, nayi pepala ya FRRO, ofesi yolembetsa alendo. Akuti kompyuta ikufuna manambala 12. Ndati nanga alendo mumawalemba bwanji, akuti pitani mmwamba ku ofesi. Mmwambamo abwana ali pa msonkhano, ndakhala pa benchi yonyowa mpaka nthawi ya nkhomaliro, abwera angoyang'ana pepala kamodzi nkunena kuti ndibweretse fotokope ya pasipoti, ya viza, ndi kalata ya ku koleji yokhala ndi chidindo, zinthu zoti chechi uja akanandiuza mmawa pomwe paja mu mphindi imodzi. Ndawoloka msewu madzi mmaondo, pa fotokope magetsi kulibe. Pobwerera windo atseka, kapepala kolembedwa mChimalayalam kali pagalasi. Mawa lake mvula inakula, a Collector, amene ali ngati DC wa dera lino, analengeza kuti masukulu ndi makoleji atseke, nde kalata ija ndikaitenga kwa ndani? Pamene ndinadzasonkhanitsa zonse, mndandanda unali utadzadza, anandikankhira kutsogolo, ndipo pa risiti anandiika mtengo wa alendo, wokwera kuposa wa munthu amene anali patsogolo panga, popanda wondifotokozera. Mtengowo sindikukana ayi, koma bwanji osaupachika pakhoma? Chinandipweteka ndi tsiku lija, ndinajomba kalasi, ndinalipira auto, takisi ya matayala atatu, kupita ndi kubwera, zonsezo chifukwa cha bokosi limodzi la pa kompyuta.

Choncho lembetsani June asanathe, ndipo mafotokope munyamuliretu, awiriawiri, mu pulasitiki.

Ndaiwala kunena za dokotala uja, amayi achikulire ofatsa. Anagwira dzanja kumva kugunda kwa mtsempha, anaona lilime, kenaka mafunso osayembekezeka, mumagona nthawi yanji, kuchimbudzi mumapita bwanji, njala imakugwirani liti, mumamwa madzi a mu furiji? Anandifotokozera kuti mabuku awo akale, Charaka Samhita ndi Ashtanga Hridayam, amagawa chaka mu nyengo 6 za miyezi iwiriiwiri, Shishira, Vasanta, Grishma, Varsha, Sharad ndi Hemanta, ndipo iliyonse ili ndi kadyedwe kake, amati ritucharya. Nyengo ya mvula, Varsha, akuti thupi limalowamo litafooka kale ndi kutentha kwa miyezi yapitayo, moto wa mmimba umene amati agni umakhala ngati mbaula yamakala onyowa, ukaikapo mphika wolemera imangofuka utsi. Ndipo vata, imene amaiona ngati mphepo ya mthupi, imakwera, nde kuphwanya kwa mfundo ndi kutupa mimba nkumene kumachuluka. Mukhulupirire musakhulupirire, malamulo ake amachokera pamenepo.

Malamulowo ndi amene anandiliza kuposa mafuta. Madzi ozizira ayi, owiritsa okhaokha, ndi jinja wouma kapena jeera (cumin), kumwa akadali ofunda. Zosaphika ayi. Yogati usiku ayi. Mpunga wakale osati wokolola kumene, msuzi wa mphodza, zakudya zotentha zokhala ndi kamchere, kowawasa ndi kamafuta pang'ono. Kugona masana ayi, ndipo limeneli ndi lankhanza chifukwa mvula ikamagwa pa malata 2 koloko masana thupi limadziwa lokha chochita. Ndinafunsa kuti nanga bwanji mu April ankatilola, akuti nthawi yotentha yokha, Grishma, ndi imene kugona masana kumaloledwa poti usiku ndi waufupi ndipo dzuwa limakhala lakuyamwa mphamvu. Kwa ine nyama ndi nsomba anandiletsa nthawi yonse ya chithandizo, ena sawaletsa, zimatengera munthu, nde musakopere pepala ya mnzanu.

Ndipo chammwamba! Mtengo uli kuseri kwa hositelo, ine ndinkathyola nkumaphika ndi tomato kukumbukira kwathu, amayi ophika ku hositelo anangoti mwana wanga mwezi uno masamba amenewo sitidya. Ndi mwambo wa kuno, mu Karkidakam masamba a chammwamba amawasiya, mmalo mwake amaphika ndiwo ya masamba 10 osakaniza, pathila, momwe muli nkhwani ndi masamba a koko, zinthu zoti ifenso timazidziwa.

Phala la mankhwala, karkidaka kanji, musavutike kusakasaka zitsamba, amagulitsa paketi yake mmashopu a mankhwala a Ayurveda. Muli mpunga wofiirira wa njavara, uluva (fenugreek) ndi ufa wa zitsamba, mumaphika mpaka upsetu, nkuthira mkaka wa kokonati ndi kashuga kawo kakuda kaja. Amamwa masiku osachepera 7 motsatizana, ine ndinkamwa madzulo mmalo mwa chakudya. Tsiku loyamba likoma, lachitatu uluva umayamba kumveka mthukuta. Kashayam yekha, mankhwala akumwa a zitsamba zowiritsa, sindinamuzolowere, ndi wowawa zedi, kusungunula ndi madzi ofunda mbandakucha mmimba mulibe kanthu. Apa ndinene chofunika, ngati muli pa mankhwala a BP, shuga kapena ma ARV, muwauze adokotala onse awiri ndipo musasiye kumwa. Arishtam, mankhwala enanso akumwa, ali ndi kamowa kodzipangira kokha, ndipo mankhwala ena a Ayurveda amapangidwa ndi zitsulo, nde za pamsewu zopanda dzina musagule.

Za mafuta zenizenizo sindichulukitsa. Tebulo lathabwa, amuna amasisitidwa ndi amuna, akazi ndi akazi, mafuta ofunda thupi lonse, kenaka timitolo ta masamba totenthetsa mmafuta nkumakudinda nato pamsana. Posamba sopo ayi, amakupatsa ufa wa mphodza ndi madzi otentha. Valani zovala zoti simudzazilira, fungo la mafuta aja silichoka, ndipo ambulera ndi kansalu kakumutu musaiwale poti mukatuluka safuna mphepo ikuombeni, ndi fani yomwe akuti muzimitse. Chimene sanandiuze pa windo paja, mwachizolowezi chawo, nchakuti mukamaliza pali masiku ena opuma ofanana ndi a chithandizo, malamulo omwe aja, osathamanga, osayenda ulendo wautali. Nde mukakankhidwira kutsogolo ngati ine, masiku opumawo amakagwera pa chikondwerero chachikulu cha Onam, anzanu akudya sadya, chakudya cha phwandolo, pa tsamba la nthochi inu mukuwerenga pepala ya dokotala. Nchifukwa ndikubwerezanso, June asanathe, mafotokope mmanja.

Kusiya malamulo sikungodumpha tsiku limodzi. Sabata yomaliza ya nyengo ina ndi yoyamba ya inzake amati ritusandhi, mumasiya zakale pang'onopang'ono nkumalowetsa zatsopano. Ndinawafunsa kuti ndikapita ku Malawi mu December nditsatire ziti, poti buku likuti imeneyo ndi Hemanta, nthawi yozizira yodya zonona ndi kulimbitsa thupi, pamene kwathu ndi dzinja mvula ili pakati. Anaseka akuti ngakhale Kerala yemwe satsata bukulo ndendende, kuno kulibe chisanu chenicheni ndipo mvula imabweranso mu October ndi November, muziyang'ana kumwamba osati kalendala. Nde December ndi madzi owiritsa ndi jinja basi, zonona zidikire chisanu cha June. Anandiuzanso kuti ndibwerere mvula ikadukiza, nyengo ya Sharad, akandipatse mankhwala otsegula mmimba ochotsa pitta, imene amaiona ngati kutentha kwa mthupi, ndipo kulembetsa kwake ndi pa windo lomwe lija, kwa chechi yemwe uja.