Pikapu ija yapeza mawu

Abale, pikapu yanga yayamba kuyimba bwino! Masipika akale a m'zitseko anali a pepala, ndiye chinyontho cha kuno ku Mulanje chinawadya mpaka ankangolira ngati munthu wa chimfine. Ndaikamo atsopano a mainchesi 6.5 osaopa madzi, ndi subwoofer (sipika ya besi) yopyapyala kuseri kwa mpando, poti single cab (pikapu yopanda mipando yakumbuyo) ilibe malo.

Inu ofuna amplifaya, waya wake akhale wonenepa, wochokera ku batire, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batire pomwepo. Tiwaya tating'ono timatentha, galimoto n'kupsa. Komanso musamaike nyimbo injini itazima pa Chitakale, batire ikatha mudzakankha nokha.

Loweruka ndikupita ku Luchenza. Wofuna lifiti akwere kumbuyo, koma nyimbo ndisankha ndine.