Musanatumize pulogalamu ya Python, yambani mwaimasula muone zomwe mwalongedza

Mtima wakhala m'malo tsopano. Mnzanga wa ku Zomba waika pulogalamu yanga pa kompyuta yake, yatsegula, ndipo risiti yoyamba yatuluka bwinobwino. Koma Loweruka lathunthu linandithera pachabe, bandulo ya intaneti inatha kawiri, ndipo panatsala pang'ono kuti ndiulutse mayina ndi ngongole za anthu kudziko lonse. Ndikulemba zisanazizire m'mutu.

Pulogalamu yake ndi yaing'ono, yosungira kaundula wa banki mkhonde. Mayi anga ndi msungichuma wa gulu lawo, ndipo zinkandimvetsa chisoni kuwaona usiku akuwonkhetsa masheya ndi chiwongoladzanja m'kope, uku akuunika ndi tochi ya foni. Mu foda yaikulu, yomwe ndinaitcha kaundula, muli mafayilo a Python, komanso awiri omwe si khodi: mawu.json, momwe muli mawu olembera ndalama m'Chichewa, ndi risiti.html, chikombole cha risiti. Mavuto onse anachokera pa mafayilo awiri amenewa.

Za kutsegula akaunti pa PyPI, nkhokwe ya pa intaneti komwe anthu amatumiza ndi kutenga mapulogalamu a Python, sinditayirapo nthawi, muchita nokha. Ingodziwani kuti kuyambira pa 1 January 2024 aliyense amafunika kukhala ndi 2FA, njira yotsimikizira kawiri kuti ndinudi polowa mu akaunti, ndipo potumiza mumagwiritsa ntchito token, kiyi yapadera yomwe PyPI imakupatsani, osati pasiwedi. Ndinalemba python -m build kuti ndimange phukusi, kenako twine upload kuti ndilitumize, zonse zinayenda, mtundu woyamba, 0.1.0, unakwera. Ndinamuuza mnzangayo kuti alembe pip install, lamulo lotenga pulogalamu n'kuiika pa kompyuta. Patangopita mphindi khumi uthenga unalowa pa WhatsApp: "Achimwene, chinthu chanuchi chikukana. Chikuti FileNotFoundError, mawu.json palibe."

Ndinamutsutsa. Pa kompyuta yanga inkagwira ntchito, ndinali nditaiyesa kambirimbiri. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti ndinkaiyesa ndili mkati mwa foda ya pulojekiti, ndiponso ndinali nditaiika ndi pip install -e, njira imene simakopera mafayilo kwina koma imangoloza pomwe ali kale. Ndiye pulogalamuyo inkapeza mawu.json nthawi zonse chifukwa fayiloyo inali pompo pakhomo. Phukusi lomwe ndinatumiza ndinali ndisanaliyesepo n'kamodzi komwe. Setuptools, chida chomwe chimalongedza phukusi, imatola yokha mafayilo a .py, README ndi zina zoterozo, koma json kapena html siitola mukapanda kuiuza.

Apa ndi pamene tsiku langa linaonongekera. Ndinafufuza pa intaneti n'kupeza malangizo akale omwe ankangoti: pangani fayilo ya MANIFEST.in, lembanimo mafayilo anuwo, nkhani yatha. Ndinatero. Ndinamanganso phukusi, ndinatsegula fayilo ya tar.gz yomwe inatuluka, ndipo mawu.json ndi risiti.html zinalimo. Ndinasangalala n'kutumiza. Mnzanga anayesanso, vuto lomwe lija. Ndinayamba kukayika kompyuta yake. Ndinamuuza achotse pulogalamuyo aikenso, awonjezere --no-cache-dir, ayatsenso kompyuta, aone mtundu wa Python womwe ali nawo. Munthu wamkulu, ali ndi ntchito zake za pakhomo, ndinamuzunguza kuyambira m'ma 9 koloko m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, chonsecho vuto silinali kwa iye. Chakumasana magetsi anathima, laputopu inandipirira maola awiri n'kugona, ndipo ndinakhala pakhonde ndikuwerenga pa foni nditakwiya. Mpaka pano zimandinyansa kuti wolemba malangizo aja sanatchule m'pang'ono pomwe kuti mapukusi amakhala awiri. Chiganizo chimodzi chokha chikanandipulumutsira tsiku lonse.

Nkhani yake ili chonchi. Mukalemba python -m build, mu foda ya dist mumatuluka zinthu ziwiri. Choyamba ndi sdist, fayilo yothera ndi tar.gz, yomwe ili ngati ufa, wolandirayo amayenera kuphika yekha. Chachiwiri ndi wheel, yothera ndi whl, yomwe ili ngati nsima yoomola kale, kungosamba m'manja n'kudya. Pip ikapeza zonse ziwiri imasankha wheel. Tsono MANIFEST.in payokha imalamula zolowa mu sdist basi. Kuti mafayilo omwe mwalembamo alowenso mu wheel, pamafunika include_package_data ikhale True, kutanthauza yoyatsidwa, ndipo mu setup.py, fayilo yachikale yolongosola phukusi yomwe ine ndinakopera, imakhala yozimitsa mukapanda kuilemba nokha. Ine tsiku lonse ndinkayang'ana mu ufa, pomwe mnzanga ankalandira nsima. Mukasamutsira zonse mu pyproject.toml, fayilo yatsopano yogwira ntchito yomweyo, setuptools kuyambira pa mtundu wa 61 imaiyatsa yokha, ndipo ndinasamukira kumeneko madzulo omwewo. Koma ngakhale itayatsidwa, imangotenga mafayilo omwe ali mkati mwa foda ya phukusi lenilenilo. Risiti.html yanga poyamba inali kunja, pafupi ndi README, ndipo pamenepo ikanalowa mu sdist mokha mpaka kalekale. Ndinaisamutsira mu kaundula/mapepala.

Ndaiwala kunena china chomwe chinachitika m'mawa, ndisanalowe m'chisokonezo chonsechi. Nditakonza koyamba ndinayesa kutumizanso ndi nambala yomwe ija ya 0.1.0, ndipo ndinabwezedwa ndi uthenga woti fayiloyo ilipo kale. Ndinaganiza kuti ndikafufuta yakaleyo malo atseguka. Ayi ndithu. Pa PyPI dzina la fayilo likagwiritsidwa ntchito kamodzi, silibwereranso ngakhale mutafufuta. Lamulolo ndi labwino, chifukwa munthu amene anatenga 0.1.0 dzulo ayenera kudziwa kuti ndi yomweyo imene wina watenga lero. Koma zikutanthauza kuti kulakwitsa kulikonse kumadya nambala. Ine ndili pa 0.1.4, ndipo manambala anayi oyambawo ndi zipsera zokhazokha. Kuli TestPyPI, bwalo loyeserera lomwe limafuna akaunti yakeyake, ndipo ndikanayambira kumeneko. Komabe ngakhale kumeneko n'kutali. Vuto limaonekera pa kompyuta yanu yomweyo mukangomasula phukusi. Wheel ndi zip chabe yosintha dzina, ndiye unzip -l imakuonetsani zonse zomwe zilimo, ndipo ya sdist ndi tar tzf. Werengani mndandandawo mzere ndi mzere musanatumize.

Musadalirenso twine check pa nkhani imeneyi. Ine inandiuza PASSED maulendo onse, ndipo sinanama, chifukwa ntchito yake ndi kuona ngati mawu ofotokoza pulogalamu adzaoneke bwino pa tsamba. Za mafayilo osowa si ntchito yake.

Tsono chomwe chinandiopsa. Magetsi atayaka ndinali nditatopa, ndipo ndinangoti basi zonse zilowe. Ndinalemba graft kaundula mu MANIFEST.in, lamulo lomwe limanyamula foda yonse ndi zonse za mkati mwake. Ndinamanga, ndipo chala chili kale pa twine upload, china chake chinandiuza kuti ndiyambe ndaona mndandanda. Pakati pa mafayilo a .py panali gulu.db. Imeneyi ndi fayilo ya SQLite, nkhokwe yosungiramo zolemba, yomwe ndinkayesera pulogalamu, ndipo sindinalembemo zopeka. Ndinakopera kope la mayi anga momwe lilili: mayina a amayi onse a m'gululo, manambala awo a foni, amene anakongola zingati, amene wachedwa kubweza miyezi ingati. Thukuta linatuluka ngakhale kunali kozizira. Amayi amenewa amapemphera limodzi ndi mayi anga, ena anandilera ndili wamng'ono. Ngongole ndi chinsinsi cha munthu, ena ngakhale amuna awo sadziwa. Ikanakwera, aliyense padziko akanatha kuitenga, ndipo kufufuta pambuyo pake sikukanabweza zomwe makompyuta ena akanakhala atakopera kale. Ndikanawayang'ana bwanji m'maso mayi anga?

Chomwe chinandipusitsa n'chakuti gulu.db ndinali nditailemba kalekale mu .gitignore, mndandanda wa mafayilo omwe git, chida chosunga mbiri ya khodi, sichiyenera kusunga, ndiye ndinkaiona ngati yotetezeka. Setuptools payokha siwerenga .gitignore. Fayilo imeneyo ndi ya git basi. Pali zida zina zomwe zimatsatira git, monga setuptools-scm yomwe imatenga mafayilo omwe git ikusunga, kapena hatchling yomwe imalemekeza .gitignore, koma ine sindinkagwiritsa ntchito chilichonse mwa zimenezi. Ngati muli ndi fayilo ya .env yokhala ndi mapasiwedi, kapena makiyi a chilichonse, nkhani yake ndi yomweyi. Graft siisankha, imakokolola zonse ngati khoka.

Ndinachotsa mzere wa graft uja, ndinamanganso, ndinaona mndandanda. Gulu.db inalimobe. Ndinatsegula MANIFEST.in kuti mwina sindinasunge, koma mzerewo munalibe. Ndinamanganso kachitatu, ilimobe. Apa ndinadzuka n'kukamwa madzi, chifukwa mutu unayamba kutentha. Chinali chiyani? Pomanga, setuptools imapanga foda yothera ndi egg-info, ndipo mkati mwake muli SOURCES.txt, mndandanda wa mafayilo omwe analowa ulendo wapitawo. Ulendo wotsatira imawerenganso mndandanda wakalewo n'kuphatikiza ndi watsopano. Ndiye fayilo ikalowa kamodzi imakakamira, ngakhale mutachotsa lamulo lomwe linailowetsa. Mankhwala ake ndi kufufuta mafoda atatu musanamange: build, dist ndi egg-info. Nditatero gulu.db inachoka. Kufufuta dist kumathandizanso kwina: mukalemba twine upload dist/* imanyamula zonse zomwe zili mmenemo, zakale zomwe, ndipo ya gulu.db ija ikanatha kukwera mwa njira imeneyo ikanakhala kuti ndinasintha nambala osayeretsa.

Zomwe ndinakhazikika nazo pomaliza n'zochepa. Graft ndinasiyana nayo. Mu pyproject.toml, pansi pa tool.setuptools.package-data, ndinatchula mwachindunji kuti phukusi la kaundula litenge mawu.json ndi mafayilo a html a mu mapepala, basi. Zolembedwa pamenepo zimalowa mu sdist ndi mu wheel momwe. Ndimakonda njira imeneyi chifukwa ukaiwala fayilo, pulogalamu imalira ndipo umakonza, pomwe ukanyamula zonse n'kumachotsamo zosafunika, chomwe waiwalacho chimapita mwakachetechete. MANIFEST.in ndinaisiya ndi mizere yochepa yotchinga: global-exclude ya mafayilo a db ndi a pyc, ndi prune ya foda yomwe ndimatayiramo zoyesera. Mizere yotchinga muziiika kumapeto, chifukwa malamulo a mu fayilo imeneyi amatsatidwa kuchokera pamwamba kutsika, ndipo lamulo lonyamula likabwera pambuyo limabwezeretsa zomwe munachotsa.

Panali kanthu kenanso kamene kanadya 0.1.3. Mafayilo analowa mu wheel bwinobwino, koma khodi yanga inkatsegula mawu.json ndi open, potengera foda yomwe munthu waima pa nthawiyo. Kwa ine zinkatheka chifukwa ndinkaima pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Mnzanga ankayendetsera pulogalamuyo kuchokera pa Desktop. Ndinasintha n'kugwiritsa ntchito importlib.resources, yomwe ili ndi lamulo lotchedwa files kuyambira pa Python 3.9, ndipo imapeza fayiloyo kulikonse kumene pip yaika phukusi. Ichi ndi chifukwa chake kuona mndandanda kokha sikukwanira. Pangani venv yatsopano, malo a Python oima paokha oikiramo mapulogalamu, ku foda ina, kutali ndi pulojekiti, ikanimo fayilo ya whl yeniyeniyo ya mu dist, ndipo yendetsani pulogalamu kuchokera kumeneko ngati mlendo amene sanaonepo khodi yanu. Zimatenga mphindi zitatu. Ndikanachita zimenezi Loweruka m'mawa, mnzanga sakanaona vuto ngakhale limodzi. Pali kachida kotchedwa check-manifest komwe kamafanizira zomwe git ikusunga ndi zomwe zalowa mu sdist n'kukuuzani zosiyana, ndakaika tsopano. Koma ndikubwerezabe: unzip -l, werengani ndi maso anu, ulendo uliwonse, ngakhale mutangosintha chilembo chimodzi.

Musaiwalenso LICENSE. Setuptools imaitola yokha ikakhala pamwamba pa pulojekiti ndi dzina lodziwikalo, koma ionekere pa mndandanda muione. Foda ya mayeso ndinaisiya mu sdist mokha, mu wheel simufunika, ndipo anthu athu ambiri amagula intaneti ya tsiku ndi tsiku, palibe chifukwa chowasenzetsa katundu amene sadzamugwiritsa ntchito. Wheel yanga tsopano ndi yaing'ono kuposa chithunzi chimodzi cha pa foni.

Gulu.db ndinaichotseratu mu pulojekiti. Ili pa fulashi yomwe ndawapatsa mayi anga kuti aziisunga m'kabokosi limodzi ndi kope lawo, ndipo poyesera ndikugwiritsa ntchito mayina opeka ndi manambala opeka. Ndinawafotokozera zomwe zinatsala pang'ono kuchitika. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Iwe, kope limenelo ndinakubwereka chifukwa ndiwe mwana wanga. Usadzalitengerenso kutali." Lachitatu gulu lawo likukumana, ndipo ndipita nawo ndi laputopu kuti risiti zoyamba tikazitulutse pamaso pa onse.