Burial order si satifiketi ya imfa: zoyenera kudziwa anamfedwa ku Harare

Maliro akagwa pakati pathu, kaya ndi ku Mbare, Mufakose, Mabvuku kapena Epworth, pepala limene aliyense amalithamangira ndi burial order. M'pomveka, chifukwa popanda ilo simungaike munthu ku manda a Granville, amene ambiri timangoti ku Mbudzi, kapena ku Warren Hills. Likangopezeka mitima imakhala pansi, maliro amaikidwa, olira n'kubalalika. Pakapita miyezi itatu kapena inayi, mayi wamasiye amatulutsa pepala lomwelo m'chikwama pa windo la ku NSSA, bungwe la boma loona za penshoni, kapena ku banki, ndipo amamubweza. Burial order ndi chilolezo choikira maliro basi. Satifiketi ya imfa ndi chikalata china, ndipo ndi chimene chimatsegula nkhani ya penshoni, nyumba, akaunti ya ku banki ndi inshuwalansi.

Mapepala onse awiri amachokera ku Civil Registry Department, kumene akuluakulu amakutchulabe kuti kwa Registrar General. Likulu lake lili ku Makombe Building, koma anamfedwa ambiri a mu Harare amathandizidwa ku Market Square kapena ku maofesi aang'ono amene ali m'zipatala zikuluzikulu monga Parirenyatwa ndi Sally Mugabe, chija tinkachitcha Harare Hospital. Yambirani ku ofesi imene inakupatsani burial order, poti n'kumene kuli chiyambi cha nkhani yanu. Lamulo lake ndi Births and Deaths Registration Act, Chapter 5:02, ndipo limafuna kuti imfa ikanenedwe pasanathe masiku 30. Chaka chikadutsa, kalembera amakhala wochedwa, ndipo amafuna chilolezo chapadera ndi umboni wochulukirapo.

Munthu akamwalirira m'chipatala, njira yake ndi yaifupi. Dokotala amene amamuona amalemba fomu ya BD 12, yonena chimene chamupha. Wachibale amene wapita kukanena za imfayo amadzaza BD 11. Mutenge chitupa cha malemu, chitupa cha wokanenayo, ndi mtchatho kapena kuti satifiketi ya ukwati ngati ilipo. Musanachoke pa wodi, yang'anani BD 12 ija bwinobwino: dzina ligwirizane ndi la pa chitupa chilembo ndi chilembo, ndipo pakhale siginecha ya dokotala ndi chidindo cha chipatala. Dokotala akaweruka n'kupita, kumupezanso kuti akonze chilembo chimodzi kungakudyereni tsiku lathunthu, thupi lili ku mochale.

Imfa ya panyumba ndi imene imasokoneza anthu. Musanyamule thupi musanadziwitse apolisi a dera lanu. Ngati malemu amadwala ndipo pali dokotala amene amawaona, dokotalayo akhoza kulemba chimene chawapha, n'chifukwa chake makadi a ku kiliniki ndi mapepala a mankhwala sayenera kutayidwa posesa m'chipinda. Ngati palibe dokotala wotere, kapena imfa yadza mwadzidzidzi, mwangozi, mwa kudzipha kapena mokayikitsa, apolisi amadzaza Form 231 yopempha kuti thupi lipimidwe. Zotsatira za kupimako n'zimene zimalowa m'malo mwa kalata ya dokotala. Pa imfa zangozi, burial order imatuluka kuti muike maliro, koma satifiketi ikhoza kudikira mpaka kufufuza kwa boma kutatha. Lembani penapake dzina la siteshoni ya polisi, nambala ya nkhaniyo ndi dzina la wapolisi amene akuiyendetsa, chifukwa mudzazifuna potsatira. Abale athu achisilamu, amene mwambo wawo umafuna kuika msanga, achita bwino kutuma munthu mmodzi ku mapepala m'mawa womwewo pamene ena akukonza za kumanda.

Amene amwalirira ku famu kapena kumudzi, kumene maliro nthawi zina amaikidwa popanda pepala lililonse, ofesi imafuna kalata ya mfumu, ya sabhuku (nyakwawa), ya khansala kapena ya mwini famu, pamodzi ndi mboni ziwiri zokhala ndi zitupa, makamaka achibale amene analipo pa maliro. Apa m'pamene kuchedwa kumapweteka kwambiri. Mafamu ambiri anasintha eni kuyambira chaka cha 2000, antchito anamwazikana, ndipo gogo amene anaona zonse akhoza kutisiya naye musanamutengere ku ofesi.

Tsopano nkhani ya maina, imene kwa ife ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi ndi yaikulu kuposa zonse. Makolo athu ambiri analembedwa maina ndi makalaliki a ku migodi ndi m'mafamu amene sankadziwa Chichewa kapena Chiyao. Phiri analembedwa Piri, dzina la bambo linasanduka la mwana, wina anatenga dzina limene bwana anamupatsa n'kukhala nalo pa chitupa moyo wonse. Kotero mumapeza mkulu mmodzi ali ndi dzina lina pa chitupa chachitsulo chija, lina pa khadi la penshoni, lina pa mapepala a nyumba ya khonsolo, ndipo ku mpingo amadziwika ndi lachinayi. Satifiketi ya imfa imatsata chitupa. Musayese kukonza dzina pa BD 11 kuti limveke Chichewa chenicheni, ngakhale mukudziwa kuti kalaliki analakwitsa kalekale. Lembani monga lilili pa chitupa. Kusiyana kwa maina pa mapepala enawo kumakonzedwa pambuyo pake ndi afidaviti yolumbira pamaso pa commissioner of oaths (munthu wololedwa ndi lamulo kulumbiritsa anthu), yonena kuti maina onsewo ndi a munthu mmodzi.

Ena amaopa kupita ku ofesi chifukwa chitupa cha malemu chinalembedwa kuti ALIEN, kutanthauza kuti si nzika ya Zimbabwe. Mantha amenewa ndi opanda maziko pa nkhani iyi. Imfa iliyonse yochitikira m'dziko la Zimbabwe imalembedwa, kaya munthuyo anali nzika kapena ayi, ndipo amene anali ndi pasipoti ya Malawi yokha, pasipotiyo ndiyo mutenge. Chitupa chikasowa, fufuzani nambala yake pa mapepala a ntchito, a NSSA kapena pa satifiketi zobadwira za ana, kuti a ku ofesi akhale ndi poyambira.

Wopita kukanena asankhidwe mosamala. Pa fomu pali malo ofunsa ngati malemu anali pa banja, ndipo zimachitika kuti mchimwene kapena malume a malemu amayankha kuti anali wosakwatira chifukwa panalibe mtchatho, pamene mkazi wakhala pakhomopo zaka 30 ndipo ana ndi akuluakulu. Nthawi zina n'kusadziwa, nthawi zina ndi diso la pa nyumba. Ine ndimaona kuti mkazi kapena mwamuna wa malemu ayenera kupita yekha, kapena apite limodzi ndi wotumidwayo, ngakhale mwambo umafuna kuti namfedwa akhale m'nyumba pa mphasa. Chiyambire kusintha kwa lamulo la chuma chamasiye mu 1997, ukwati wa mwambo wosalembetsa umazindikirika pogawa chuma, koma satifiketi yonena kuti munthu anali mbeta imamupatsa wamasiye ntchito yotsutsa pepala la boma.

Musanapereke chitupa cha malemu pa windo, chijambulitseni mbali zonse ziwiri, chifukwa chikhoza kutsala komweko. Chitani chimodzimodzi ndi BD 12 ndi burial order. Satifiketi ikatuluka, iwerengeni muli pomwepo: dzina, nambala ya chitupa, tsiku la imfa, malo ndi za banja. Cholakwika chikaoneka nthawi yomweyo sichivuta kukonza ngati mmene chimavutira pakatha chaka. Kenako jambulitsani makope angapo ndi kukawadinditsa ku polisi, kuti yeniyeniyo isamayende m'manja mwa anthu.

Masiku a kwa Master of the High Court, ofesi yoona za chuma chamasiye, ndi ochepa kuposa a kalembera wa imfa. Lamulo la Administration of Estates Act limafuna kuti ofesiyo idziwitsidwe za imfa pasanathe masiku 14, ndipo n'kumene banja limaitanidwa kukasankha woyendetsa chuma chamasiye. Amene akufuna kutengera thupi kumudzi ku Malawi, podzera ku Nyamapanda ndi Tete mpaka Mwanza kapena Dedza, afunika mapepala ena owonjezera, monga satifiketi yoti thupi lakonzedwa ndi mankhwala, chilolezo cha a zaumoyo ndi kalata ya ku ofesi ya kazembe wa Malawi mu Harare. Satifiketi ya imfa muitengeretu kuno musananyamuke, kapena musiye wachibale wokhala ndi chitupa amene aitsatire, chifukwa imfa yochitikira ku Zimbabwe chikalata chake chimatuluka ku Zimbabwe.